Kumasula Mpope wa Mfuti Yakale Si Ntchito ya Sipanala Wamba

M'maiko ambiri, ndi m'dziko lino momwemo, zikupezekabe mfuti zimene zinasulidwa zaka zoposa zana limodzi zapitazo. Zina zili m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, zina zili m'manja mwa mabanja a mafumu ndi a alenje, ndipo zina zagona m'zipinda za katundu kuyembekezera tsiku limene wina adzafunse kuti zichitidwe chiyani. Kawirikawiri tsikulo likafika, munthu amasuzumira mumpope wa mfutiyo, naona kuti m'kati mwadyeka, ndipo nzeru yoyamba imene imamufikira ndi yakuti mpopewo uchotsedwe, utsukidwe, kapena pamalo pake paikidwe wina. Popeza mpope wa mfuti umamangidwa ndi mazinga monga paipi ya madzi, iye amayesa kuti mmisiri aliyense wokhala ndi vaisi ndi sipanala yaikulu angathe kuumasula.

Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo zotsatira zake n'ziwiri. Choyamba, mfuti yogwiridwa ndi zipangizo zosayenera ingathe kung'aluka mosaoneka ndi maso, nidzaphulikira kunkhope kwa woombera tsiku lina. Chachiwiri, ngakhale itapanda kuombedwanso, mfuti yoteroyo imataya zidindo ndi manambala amene ali umboni wa mbiri yake. Amisiri a mfuti ali ndi zipangizo zitatu zogwirira ntchito imeneyi: chopanira mpope, sipanala yogwira thunthu, ndi zoyesera mpata. Palibe n'chimodzi chomwe chimene chili chodabwitsa pochiona, koma chilichonse chili ndi chifukwa chake, ndipo zifukwazo ziyenera kudziwika kwa onse amene apatsidwa udindo wosunga katundu wa anthu.

Pamene Mpope Ukumana ndi Thunthu

Mfuti ya nkhondo ya mtundu wa Lee-Enfield kapena Mauser ili ndi ziwalo zinayi zazikulu. Pali mtengo, umene munthu amagwira ndi kutsamiritsa paphewa. Pali mpope, umene chipolopolo chimadzeramo. Pali thunthu, ndilo chitsulo chobooka chimene chimagwirizanitsa ziwalo zonse. Ndiponso pali mpiringidzo, umene umayenda m'thunthumo, kukankhira chipolopolo m'chipinda chake kumayambiriro kwa mpope ndi kutseka kumbuyo kwake. Mpope umalowa m'thunthu ndi mazinga, ndipo umamangidwa kufikira phewa lake litagunda chitsulo cha thunthu mwamphamvu.

Pamfundo imeneyi ndi pamene mphamvu ya wonga imatsamira. Mfuti zambiri za .303 zimene zinagulitsidwa kwa anthu wamba ku England itatha Nkhondo Yaikulu Yachiwiri zili ndi chidindo chonena za matani 18 ndi theka pa kamalo ka inchi imodzi m'litali ndi inchi imodzi m'lifupi. Ndiko kunena kuti pa kamalo kofanana ndi sitampa ya kalata pamagwa, kwa kamphindi kochepa koposa kuphethira kwa diso, kulemera kwa matumba a chimanga a makilogalamu 50 oposa 370. N'chifukwa chake mafakitale ankamanga mipope molimba kotero kuti isasunthe ngakhale pang'ono, ndipo dzimbiri la zaka zambiri lawonjezera pa kulimbako.

Mazinga nawonso sali a mtundu umodzi. Mu 1841 Joseph Whitworth wa ku Manchester anapereka muyeso wa mazinga otsetsereka madigiri 55, umene unafala kwambiri ku Ulaya. Mauser 98, imene gulu la nkhondo la Germany linailandira mu 1898, ili ndi mazinga 12 pa inchi, a maonekedwe a Whitworth, ngakhale kuti Ajeremani amayesa zinthu zawo m'mamilimita. Lee-Enfield ya Angerezi ili ndi mazinga 14 pa inchi. Springfield ya ku America ya 1903 ili ndi mazinga 10 pa inchi, ndipo si osongoka koma a ngodya zinayi. Chotero palibe mpope umodzi wolowa m'mfuti zonse, ndiponso palibe chipangizo chimodzi chogwira mathunthu onse.

Chifukwa Chake Mipope Inkasinthidwa

Pa ziwalo zonse za mfuti, mpope ndiwo umayamba kutha, ndipo adani ake ndi awiri, moto ndi mchere. Za moto zinaoneka poyera pa mfuti ya Lee-Metford, imene Angerezi anayamba kuigwiritsa ntchito mu 1888. Dzina lake linachokera kwa James Paris Lee, amene anakonza thunthu ndi mpiringidzo, ndi kwa William Ellis Metford, amene anakonza tingalande tisanu ndi tiwiri tosazama ta m'kati mwa mpope, timene timapotoza chipolopolo kuti chiuluke molunjika. Tingalande timeneti tinali toyenera wonga wakuda. Koma mu 1891 kunabwera wonga wopanda utsi wotchedwa cordite, umene unkatentha koposa, ndipo mipope inayamba kutha isanaombe zipolopolo 6,000. Mu 1895 fakitale ya Boma ya ku Enfield, kumpoto kwa London, inakonza tingalande tisanu tozama, ndipo pamenepo ndi pamene panabadwira dzina la Lee-Enfield. Mfuti zambiri za Lee-Metford sizinatayidwe ayi. Zinachotsedwa mipope yake ndi kupatsidwa yatsopano.

Za mchere zinali motere. Kadontho ka mankhwala koyatsa wonga kumbuyo kwa chipolopolo chakale kankasiya mchere mumpope, ndipo mcherewo unkakoka chinyezi ndi kubala dzimbiri. N'chifukwa chake asilikali a Angerezi ankaphunzitsidwa kuthira madzi owira mumpope akatha kuombera, asanapake mafuta. Mwambo umenewu unali wodziwika kwa asilikali a King's African Rifles, gulu limene linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo chigawo chake choyamba chinali cha amuna a dziko lino, pamene linkatchedwa British Central Africa ndipo pambuyo pake Nyasaland. Amunawa ananyamula Lee-Enfield pa nkhondo ya kuvuma kwa Africa ya 1914 mpaka 1918, ku Ethiopia mu 1941, ndi ku Burma mu 1944, kumene mvula ndi chinyezi sizinkakhululukira mpope wogona wosatsukidwa.

Maboma anaona msanga kuti kusintha mpope n'kotsika mtengo koposa kusula mfuti yatsopano. Mu 1866 Angerezi anatenga mfuti zawo za Enfield za 1853, zothirira wonga kumphuno, nadula kumbuyo kwa mipope yake ndi kumangirirapo kachitseko kolowetsera chipolopolo, potsata nzeru ya Jacob Snider wa ku America. Kuyambira mu 1895 anatenganso Martini-Henry, imene inalandiridwa mu 1871, naipatsa mpope wa .303, niikhala Martini-Enfield, ndipo zambiri za mfuti zimenezi zinatumizidwa kwa asilikali ndi apolisi a m'maiko olamulidwa ndi Britain. Lee-Enfield zambiri zili ndi zilembo za FTR, zosonyeza kuti mfutiyo inabwerera kufakitale, monga ya ku Fazakerley pafupi ndi Liverpool, kukakonzedwa yonse. M'zaka za m'ma 1950 Norway ndi Israel anaika mipope yatsopano pa Mauser zimene Ajeremani anasula pa nthawi ya nkhondo, kuti zigwirizane ndi zipolopolo zina. Mu 1970 Angerezi anasandutsa Lee-Enfield zina za akatswiri oombera patali kuti ziziomba zipolopolo za mamilimita 7.62, nazitcha L42A1, ndipo zinafika mpaka ku nkhondo ya ku Falklands mu 1982.

M'mbiri yonseyi muli phunziro limodzi. Thunthu ndilo mwini mfuti, pakuti ndilo lovuta kusula ndipo ndilo limasunga moyo wa woombera. Mpope uli ngati mlendo amene angathe kuchoka, wina nabwera. Zipangizo zonse za ntchito imeneyi zinakonzedwa ndi cholinga chakuti thunthu lituluke lamoyo.

Chopanira Mpope

Chipangizo choyamba chimasiyana ndi vaisi ya pagalaja pa chinthu chimodzi chachikulu: chilibe mano. Vaisi wamba imagwira chitsulo pambali ziwiri zokha, ndipo mano ake amaluma. Ikapatsidwa mpope wobulungira imaukanda, nthawi zina imaufinya kufikira m'kati mutapanikizika, ndipo pamapeto pake mpopewo umaterereka ndithu. Chopanira mpope ndi zitsulo ziwiri zochindikala, china pamwamba china pansi, zokokedwa pamodzi ndi mabauti aakulu, ndipo chonsecho chimamangiriridwa pa benchi yolemera kapena pa nsanamira yozikidwa m'simenti. Pakati pa zitsulozo pamaikidwa zidutswa ziwiri za mtengo wolimba, za aluminiyamu kapena za mkuwa, zobooledwa molingana ndi mpope umene ufuna kumasulidwa.

Popeza mpope umanka nuchepa kulinga kumphuno, ndipo mtundu uliwonse wa mfuti uli ndi kachepedwe kakekake, zidutswazo zimasemedwa mwapadera. Cholinga chake n'chakuti mpope ugwidwe mozungulira ponse, mphamvu igawanike, pasakhale malo amodzi olumidwa. Mmisiri amayamba wapukuta mafuta onse, kenaka amawaza m'zidutswamo ufa wa utomoni wouma wa mtengo wa paini, utomoni womwewo umene oimba vayolini amapaka pa uta wawo kuti ugwire zingwe. Amapana mpopewo pafupi kwambiri ndi thunthu, pamene chitsulo chili chochindikala, pakuti akaupana kutali ungathe kupotoka pakati.

Pa Martini-Henry ndi pa Lee-Enfield pali chothandizira china. Pamwamba pa mpope, pafupi ndi thunthu, pali kamalo kathyathyathya kamene Angerezi amakatcha Knox form, dzina lokumbutsa Henry Nock, mmisiri wa mfuti wa ku London amene anamwalira mu 1804. Kamalo kameneka kamapatsa chipangizo pogwira, ndiponso kamathandiza kuona ngati mpope waima chilili. Pomwepo ndi pamene pamapezeka zidindo zambiri, kotero kuti sipanala ya mano ikalumapo, imafafaniza mbiri ya mfutiyo pa kamphindi kamodzi.

Sipanala Yogwira Thunthu

Mpope ukapanidwa suyendanso. Limene limazungulira ndi thunthu. Tsono thunthu ndi lolimba kutsogolo kwake, pamphete pamene pali mazinga, koma pakati pake lili ndi mazenera aakulu, lina pansi lodzera zipolopolo, lina pamwamba lotulukira makoko ake. Munthu wosadziwa amapisa mtanda wachitsulo pazenerapo ndi kukoka. Akatero thunthu limapindika, mpiringidzo suyendanso bwino, ndipo kulibwezera monga linalili n'kovuta koposa.

Sipanala yoyenera imakumbatira mphete yakutsogoloyo yokha. Imasemedwa motsata maonekedwe a thunthu la mtundu umenewo, imayalidwa kachikamba ka mtovu kapena ka mkuwa kuti isasiye zipsera, ndipo mpini wake ndi wa mapazi awiri kapena atatu. Pano pali chinthu chimene chimasokoneza ophunzira ntchitoyi: mabauti a sipanalayo akamangidwa mopitirira, mphete ya thunthu imafinyikira pa mazinga, ndipo mpope umagwira koposa poyamba. Mphamvu yochuluka imadzitsekera yokha njira. Iliponso sipanala ina imene imalowa chakumbuyo, m'njira ya mpiringidzo, koma imeneyo ndi ya mfuti zomangidwa mopepuka, osati ya mfuti ya nkhondo imene yakhala yomangika zaka zana.

Mmisiri wodziwa sayamba ndi kukoka. Amathira mafuta olowerera pamfundopo, nadikira masiku angapo. Pambuyo pake amamenya mpini wa sipanala kamodzi ndi nyundo yolemera, pakuti kugwedeza kwadzidzidzi kumadula dzimbiri bwino koposa kukoka kwapang'onopang'ono. Ngati afuna kufunditsa chitsulo amatero pang'ono chabe, chifukwa moto waukulu umachotsa kulimba kumene fakitale inapatsa thunthu poliwotcha ndi kuliziziritsa mwamuyeso.

Zitsanzo ziwiri za ku America zikusonyeza kuopsa kwake. Pa Nkhondo Yaikulu Yoyamba fakitale ya ku Eddystone, m'chigawo cha Pennsylvania, inasula mfuti za mtundu wa M1917 zoposa miliyoni imodzi. Mfuti zimenezi n'zodziwika pakati pa amisiri chifukwa cha mipope yake yomangidwa molimba kwambiri, ndipo mathunthu ena anapezeka ndi ming'alu pamphete atachotsedwa mipope mokakamiza. Mankhwala ake ndi akuti mfutiyo imaikidwa pa makina osemera zitsulo, mmisiri nasema kangalande mozungulira mpope, pafupi penipeni ndi thunthu. Kangalandeko kamamasula phewa la mpope, ndipo mazinga amagonja mosavuta. Mpopewo umakhala watayika, koma thunthu lapulumuka.

Chitsanzo chachiwiri ndi cha Springfield za 1903 zosulidwa chisanafike chaka cha 1918. Pa nthawiyo amisiri a m'fakitale ankayesa kutentha kwa chitsulo ndi maso, poona kufiira kwake, ndipo maso ankanyengedwa ndi kuwala kwa tsikulo. Mathunthu ena anapsa mopitirira, nasanduka ophweka kusweka ngati mbale yadothi. Mfuti za ku Springfield za manambala osafika 800,000, ndi za ku Rock Island za manambala osafika 285,507, zimakayikiridwa chifukwa cha chimenechi, ndipo Julian Hatcher, mmodzi wa akuluakulu oyang'anira zida za nkhondo a dzikolo, analongosola nkhaniyi m'buku lake la mu 1947. Kunja kwake mfuti yotere imaoneka yokongola monga zinzake, koma ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chotero ntchito yoyamba ya mmisiri ndiyo kuwerenga nambala ndi kudziwa mtundu wa chimene wagwira. Ngakhale mfuti zazing'ono za m'manja zili ndi misampha yake: za Smith & Wesson zosulidwa chisanafike chaka cha 1982 zili ndi kamsomali kopingasa kogwira mpope, ndipo wopotoza asanakatulutse amawononga mazinga.

Kubwezera Mpope ndi Kuyesa Mpata

Kumasula mpope ndi theka laling'ono la ntchito. Poubwezera, zinthu ziwiri ziyenera kukumana pa nthawi imodzi: mpope ulimbe mokwanira, ndipo ulimbire pamalo pake penipeni, kuti cholunjikira cha kumphuno chiime chilili ndi kuti kampata ka chikhadabo chokokera makoko a zipolopolo kayang'anane ndi chikhadabocho. Mmisiri amalowetsa mpope ndi dzanja, ndipo uyenera kuima utatsala pang'ono kufika pa chizindikiro chake, kuti sipanala itsirize kotsalako. Ukaima kutali, phewa lake limapalidwa pang'ono pa makina. Ukapitirira chizindikiro ndi dzanja lokha, ndiye kuti sudzalimba, ndipo pafunika mpope wina kapena ntchito yaikulu ya pa makina.

Zikatha izi pamabwera muyeso umene uli mtima wa ntchito yonse. Chipolopolo cha .303 chili ndi mkombero kumbuyo kwake, ndipo mkomberowo umakhala mumpata wa pakati pa nkhope ya mpiringidzo ndi mathero a mpope. Mpatawo ukachepa, mpiringidzo sutseka. Ukakula, khoko lamkuwa la chipolopolo limatamuka poombera kufikira litaduka, ndipo mpweya wamoto umabwerera kumbuyo, kumene kuli maso a munthu. Amisiri a gulu la nkhondo la Angerezi anali ndi tizitsulo tiwiri toyesera, kena kochindikala mainchi 0.064, kena mainchi 0.074. Pa koyamba mpiringidzo unayenera kutseka. Pa kachiwiri unayenera kukana. Kuyesako kumachitika ndi nsonga za zala, popanda kukankha, pakuti dzanja lamphamvu lingathe kutseka mpiringidzo pa choyesera chimene chinayenera kukanidwa.

Kusiyana kwa tizitsulo tiwirito ndi mainchi 0.010, ndiko gawo limodzi mwa magawo anayi a milimita, kuchindikala kwa mapepala awiri kapena atatu a m'kope la mwana wa sukulu. Aphunzitsi a masamu angapeze pano funso labwino la m'kalasi. Ngati mazinga ali 14 pa inchi, kuzungulira kumodzi kumayendetsa mpope mainchi 0.071. Motero mainchi 0.010 ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi awiri a kuzungulira kumodzi, kapena madigiri 50, osafika ndi mtunda wa pakati pa 12 ndi 2 pa nkhope ya wotchi. M'kampata kameneko ndi mmene muli malire a mfuti yabwino ndi mfuti yoopsa.

Okonza Lee-Enfield ya No. 4, imene inayamba kusulidwa yambiri mu 1941, anaganizira za chimenechi. Mutu wa mpiringidzo wake umachoka, ndipo unkapangidwa m'misinkhu inayi, ya manambala 0, 1, 2 ndi 3, uliwonse wotalikirapo pang'ono pa unzake. Mpata ukakula chifukwa cha kutha kwa zitsulo, mmisiri wa gulu ankangosintha mutuwo, osakhudza mpope konse. Pa Mauser njira imeneyi palibe. Mpope watsopano kawirikawiri umabwera ndi chipinda chosatsirizidwa, ndipo mmisiri amachizamitsa ndi chitsulo chopalira, kupotoza pang'ono ndi dzanja, kutsuka, kuyesa, ndi kubwerezanso. Chitsulo chimene chapalidwa sichibwerera. Apa ndi pamene pali mwambi wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mawu a Mmisiri Sakwanira

Ngakhale ntchito itagwiridwa ndi katswiri, maiko amene ali ndi mbiri yaitali ya kusula mfuti sakhulupirira mawu ake okha. Ku London kuli nyumba yoyesera mfuti ya bungwe la amisiri limene linalandira chilolezo cha mfumu mu 1637, ndipo ku Birmingham kuli ina imene inakhazikitsidwa mu 1813. Kumeneko mfuti imamangiriridwa m'chipinda cholimba, niombedwa ndi chipolopolo champhamvu koposa cha masiku onse, anthu ali kuseri. Ikapirira imayang'anidwanso ndi kudindidwa. Malamulo a Britain, amene maziko ake ndi lamulo la mu 1868, amaletsa kugulitsa mfuti yopanda chidindo chimenechi, ndipo mfuti imene yapatsidwa mpope watsopano iyenera kuyesedwanso. Ngati amisiri a ku Birmingham amagonjera muyeso wotere, n'zoonekeratu kuti mfuti yomangidwa pagalaja popanda choyesera chilichonse siyenera kufika paphewa la munthu.

Za Mfuti za Gogodela

Mfuti yakale imene anthu ambiri a kuno amaidziwa ndi gogodela, yothirira wonga ndi chipolopolo kumphuno. Mfuti zimenezi zinalowa m'zaka za m'ma 1800 ndi amalonda ochokera kunyanja ya mchere, pa malonda a minyanga ndi a akapolo, ndipo zambiri zinasulidwa ku Birmingham ndi ku Liège. Pangano la ku Brussels la mu 1890 linaika malire pa kulowetsa mfuti zamakono m'chigawo chachikulu cha Africa, kotero kuti gogodela inakhalitsa m'midzi, ndipo amisiri a pachipala anaphunzira kuikonza.

Mpope wa gogodela sulowa m'thunthu ayi. Umagona mumtengo, wogwidwa ndi timisomali topingasa kapena ndi mphete zachitsulo, ndipo kumbuyo kwake kuli chitsekero cha mazinga chokhala ndi mchira womangiriridwa kumtengowo. Zipangizo zake n'zazing'ono: chotulutsira timisomali cholingana ndi timisomalito, ndi chomasulira chonoledwa kuti chikwane ndendende mumng'alu wa mutu wa bauti. Chimene chimawonongeka msanga pano ndi mtengo, umene wauma zaka zambiri ndipo umang'ambika mpope ukanyamulidwa mokakamiza.

Koma ngozi yaikulu ya gogodela ndi yakuti ingakhale ndi wonga m'mimba, mwini wake osadziwa, pakuti wonga wakuda wokhala pouma sufa ndi zaka. Itatha nkhondo ya ku Gettysburg ku America mu 1863, panatoledwa mfuti za mtundu umenewu pafupifupi 27,500, ndipo pafupifupi 24,000 zinapezeka zili zothiridwa wonga, zambiri koposa kamodzi. Amisiri amayesa polowetsa kamtengo kowongoka mumpope kufikira katagunda, kuika chizindikiro pamphuno, ndi kukagoneka kunja kwa mpope. Kakapanda kufika pa chitsekero, ndiye kuti m'kati muli kanthu. Munthu amene aika mpope wotere pamoto kuti chitsekero chadzimbiri chimasuke wadzitchera yekha msampha, pamodzi ndi onse oima pafupi. Ndiponso paipi ya madzi siingalowe m'malo mwa mpope wa mfuti, popeza chitsulo chake n'chofewa ndipo kawirikawiri ili ndi msoko m'litali mwake.

Udindo wa Osunga

Pali kusiyana pakati pa mfuti ya ntchito ndi mfuti ya mbiri. Maboma ankasintha mipope chifukwa mfutizo zinali kufunikabe kunkhondo. Mfuti imene yatsala lero ngati chikumbutso ilibe chifukwa chimenecho. Pampope pake ndi pathunthu pake pali chaka chimene inasulidwa, chidindo cha fakitale, zidindo za oyesa, ndi nambala imene imagwirizana ndi ya pa mpiringidzo ngati ziwalozo sizinasiyanepo. Ngakhale kudyeka kwa m'kati ndi umboni wa mmene mfutiyo inagwirira ntchito. Kwa mfuti yotere, mmisiri wabwino ndi amene ali ndi zipangizo zonse zitatu, nadziwa kuti nthawi ino n'kwabwino kuzisiya m'bokosi.

M'Malawi kukhala ndi mfuti kumafuna chilolezo, potsata Lamulo la Mfuti la mu 1967, ndipo oyang'anira zilolezozo ndi Apolisi. Chotero mkulu wa ofesi, mphunzitsi wamkulu kapena mlembi wa mfumu amene apeza mfuti yakale m'katundu wosungidwa ali ndi njira yoongoka. Aiyese yothiridwa wonga kufikira wodziwa atatsimikiza kuti ilibe kanthu, ndipo asalole ana kapena antchito kuiseweretsa. Alembe zilembo ndi manambala onse ooneka, pamodzi ndi zimene akuluakulu a pamalopo akukumbukira za mwini wake. Asaikwechese ndi tupa kapena ndi mchenga pofuna kuti iwale, aiike pouma. Akatero adziwitse Apolisi, ndipo ngati ili ya mbiri adziwitsenso a nthambi ya Boma yoyang'anira nyumba zosungiramo zinthu zakale, monga ija ya ku Chichiri mu Blantyre.

Safunsa anadya phula. Mfuti imene yapirira nkhondo ziwiri ndi mvula ya zaka zana ingathe kudikira masabata ochepa kuti ifike m'manja mwa munthu amene ali ndi chopanira choyenera, sipanala yolingana ndi thunthu lake, ndi tizitsulo tiwiri tija toyesera.